Laibulale ndi malo owerengera mwakachetechete kapena bwalo la nthano?

Wa_Maakaunti:
Abale ndithandizeni maganizo ndisanakayambane ndi anthu. Ndikukonzekera mayeso a zowerengera ndalama, ndipo tsiku limene ndimapeza mpata ndi Loweruka lokha poti pakati pa sabata ndimakhala kuntchito. Kunyumba sikuwerengeka. Nyumba zake ndi za mdadada, aneba wailesi amaitsegula tambala asanatsike, ana anganso sandipatsa mpata. Ndiye ndimathawira ku laibulale ya m'tauni mwathu muno. Tsopano kumeneko ayambitsa zoti Loweruka lililonse m'mawa kuzibwera ana. Amaitana agogo ena kudzakamba nthano, agogowo akati "padangokhala" ana onse "tili tonseee" mokuwa, kenako nyimbo, m'manja, phwete. Pakati pa iwo ndi ife pali mashelefu okha, khoma palibe. Nditafunsa mayi wa pakauntala anangoti ndi pologalamu yofikira anthu a m'dera. Ine chikhalire ndimadziwa kuti m'laibulale simulankhulidwa. Nthanozo sangakakambire kusukulu kapena kutchalitchi?

Kabaza_Boy:
Kkkk ndiye munthu wamkulu ngati inu wakugonjetsani Kalulu?

Chimzy_F4:
Ine ndili mbali yanu bwana. Ife a Fomu 4 timafika chitseko asanatsegule kuti tipeze mpando. Ukachedwa pang'ono umapeza tebulo lililonse aikapo kope, mwini wake wapita kokagula mandasi. Malo akuchepa kale, wina n'kutenganso ngodya yonse kuyalapo mphasa za ana? A MANEB sadzatifunsa zoti Fisi anatani.

NaBanda_wa_kuMsika:
Bambo Wa_Maakaunti, ngati tili tauni imodzi ndiye kuti awiri mwa ana akusokoserawo ndi anga, pepani. Ine ndimagulitsa tomato ndi anyezi, ndipo Loweruka ndiye tsiku lenileni la malonda. Kale ndikapita kumsika anawo amathera kuzinyumba zoonetsa mafilimu zija, kubwerako atatengera zolankhula zoti kholo sungazibwereze. Pano amapita ku laibulale, pobwera aliyense buku lobwereka lili m'manja. Wamng'onoyo ali Sitandade 2. Usiku ine ndikuphika amakhala pafupi ndi mbaula n'kumandiwerengera, chala chili pansi pa mawu, akafika povuta amadula pang'onopang'ono mpaka atatulukapo. M'nyumba mwathu buku lina kupatula Baibulo ndi la nyimbo munalibe.

Mukuti akakambire kusukulu. Munalowamo m'kalasi ya Sitandade 2 masiku ano? Ana amadzaza mpaka pakhomo, buku limodzi kugwirira anthu angapo, ndipo belu likalira aphunzitsi amatolera mabuku onse kukatsekera mu ofesi. Nanga mwana agwira liti buku lake yekha?

Wa_Maakaunti:
Mayi NaBanda, sindikudana ndi ana, inenso ndine kholo. Koma mayeso ndikulembawa ndalipira ndalama zambiri, ndikalephera ndilipiranso. Vuto langa ndi phokoso, osati ana.

Tsinde_la_Mbatata:
Nonsenu mukulimbirana chinthu chakufa kale. Laibulale mu nthawi ino? Chilichonse chili pafoni. Ndalama zolipira anthu okhala pakauntala tsiku lonse bola akanagulira mankhwala kuchipatala.

Chimzy_F4:
@Tsinde_la_Mbatata bandulo mundigulira ndinu?

WapaShelefu:
Ndilankhuleko monga munthu amene ndinagwirapo ntchito imeneyi mpaka kupuma. Kaya laibulale yanuyo ndi ya boma, ya mpingo kapena ya bungwe lina, mkangano uwu umapezeka paliponse, ndipo ife tinkakumana nawo chaka ndi chaka.

Choyamba, National Library Service, nthambi yoyendetsa malaibulale a boma, inakhazikitsidwa ndi lamulo la 1967, n'kuyamba ntchito mu 1968. Likulu lili ku City Centre ku Lilongwe, nthambi zili ku Blantyre, Mzuzu, Zomba ndi m'maboma ena. Cholinga chake chinali choti Mmalawi aliyense apeze chowerenga, mwana, mlimi, wopuma pantchito, aliyense. Sanaikhazikitsire olemba mayeso okha. Koma popita nthawi olemba mayeso ndi amene anadzaza mipando, mpaka anthu kufika poganiza kuti laibulale ndi holo yowerengeramo manotsi.

Ndikuuzeni chimene ndinkaona ndili pakauntala. Ambiri mwa odzaza matebulowo sakhudza buku la pashelefu ngakhale limodzi. Amabwera ndi makope awo ndi mapepala a mayeso akale. Chimene abwereka kwa ife ndi mpando, tebulo ndi nyali. Sindikuwanyoza, mpando wabata ndi chinthu chofunika kwambiri kwa munthu wokhala m'nyumba ya chipinda chimodzi. Koma mayeso a MSCE akangotha holo imakhala mbee, ndipo anthu aja sitiwaonanso mpaka mng'ono wawo adzafike Fomu 4. Amene amabwereka mabuku chaka chonse, mvula kaya dzuwa, ndi ana ndi akuluakulu ochepa amene anazolowera kuwerenga ali ana. Ndiye woyang'anira laibulale akamaganiza zoti zaka 20 zikubwerazi adzalowe pakhomo pake ndani, amayang'ana pamphasa paja.

Za nthanozi si zongopeka mayi wa pakauntala. Kuyambira cha m'ma 2012 a National Library Service pamodzi ndi a Malawi National Commission for UNESCO anayendera maboma kujambula akuluakulu akukamba nthano m'zilankhulo zosiyanasiyana, poopa kuti agogo akamatha nthanozo zipita nawo kumanda. Zida zojambulira zinachokera ku Sony, ndipo a Rei Foundation a ku New Zealand anathandizapo. Kuchokera pamenepo kulikulu kuja kunayamba kukhala nthano za ana Loweruka, ena n'kutengerapo. Ndipo nthano yopanda "tili tonse" ndi nyimbo si nthano, ndi ulaliki.

Komabe bambo Wa_Maakaunti akudandaula zoona. Cholakwika ndi nyumba. Malaibulale ambiri ndi holo imodzi, anaimanga poganiza kuti aliyense azikhala duu. Tsopano tikulowetsamo ntchito zitatu zinayi m'chipinda chomwecho.

Kabaza_Boy:
"Amabwereka mpando." Madala mwatilasa apa kkkk

Tsinde_la_Mbatata:
Zonsezo ndi zokoma pomva, koma tandionetseni munthu mmodzi amene laibulale inamusintha.

Mphunzitsi_Wopuma:
William Kamkwamba wa ku Wimbe, m'boma la Kasungu. Anasiya sukulu ya sekondale chifukwa chosowa fizi nthawi ya njala ya 2002 ija, n'kumapita kukalaibulale kakang'ono ka kwawoko. Chingerezi sankachimva bwino, ankatsatira zithunzi za m'buku la sayansi, mpaka anamanga makina opanga magetsi ndi mphepo pogwiritsa ntchito zitsulo zotola ndi njinga yakale. Anali ndi zaka 14.

Tsinde_la_Mbatata:
Ndinadziwa kuti mutchula ameneyo. Nkhani ya laibulale ikangobwera, Kamkwamba. Zaka zonsezi wachiwiri sanapezeke? Ndiye kuti anali mutu wake, osati mabuku.

Mphunzitsi_Wopuma:
Mwana wanga, pena mukunena zoona. Ifenso timamutchula mopitirira, ngati kuti mwana aliyense wolowa m'laibulale atulukamo ndi makina. Phindu lenileni silituluka m'nyuzipepala. Ine ndaphunzitsa Sitandade 8 zaka zambiri, ndipo sabata yoyamba yeniyeni ndinkadziwa mwana amene amawerenga kunja kwa kalasi ndi amene sawerenga. Wowerengayo funso la masamu lamawu amalimva. Winayo masamu amawatha bwinobwino, koma funso silikumveka, ndiye amalemba zina. Ambiri amene amagwa mayeso a Sitandade 8 amagwera pamenepo.

Chiyambire maphunziro aulere a pulayimale mu 1994 ana anachuluka kuposa mabuku ndi aphunzitsi, ndipo mpaka lero sitinapezane. Boma linayambitsa National Reading Programme mu 2016 ya Sitandade 1 mpaka 4 chifukwa linaona kuti ana akukwera makalasi asakutha kuwerenga. Koma pologalamu ya m'kalasi imaphunzitsa mwana kulumikiza zilembo basi. Kuti azolowere afunika chowerenga chokoma chimene palibe akumukakamiza. M'mera m'poyamba.

Joni_Boy:
Ine laibulale ndinkapitira nyuzi basi, tsamba la ntchito. Tsoka lake umapeza wina wadula kale kabokosi ka ntchito yabwinoyo ndi lezala kuti ena musaione. Pepala lili pa ndodo yake ija, pakati pali bowo la makona anayi. Amalawi tili ndi mtima wina wake.

Chimzy_F4:
Zimenezo zikuchitikabe mpaka m'mabuku. Buku la Biology lathu mutu wonse wa genetics unachotsedwa, kwatsala tizidutswa m'mphepete mwa ulusi.

Kabaza_Boy:
Ameneyo pano ndi dokotala, akukulemberani panado.

Mayi_Nasi_265:
Kodi nyuzi zikumabwerabe tsiku ndi tsiku? Bambo anga ali moyo ankavala jekete kupita kukawerenga Daily Times ndi Nation, kubwerako n'kudzatifotokozera zonse pa nsima. Loweruka ankayamba ndi Tamvani, kenako Tikambe, poti ankati za Chichewa ndi zimene zimanena za anthu enieni. Nyuzi masiku ano yakwera mtengo, wopuma pantchito sangagule tsiku lililonse. Ntchito imeneyi yokha ikukwanira kuti laibulale ikhalepo.

Joni_Boy:
Ndipo masoketi! Masiku a kuzimazima kwa magetsi aja, kumene kuli sola anthu amadzaza ngati kuli maliro, aliyense buku lotsegula patsogolo, maso ali pa foni ili pakhoma.

NaBanda_wa_kuMsika:
Musaiwale chimbudzi. Laibulale yopanda chimbudzi chabwino mayi sakhalitsako, mwana wamkazi wa sekondale naye masiku ena sapitako n'komwe. Amuna simuganiza zimenezi poti inu mumangozungulira kuseri.

Kabaza_Boy:
Mayi mwatiyalutsa pagulu.

Woyang'anira_Gulu:
Abale tabwererani ku funso. Bambo aja anafunsa za phokoso, ife tafika kuseri kwa nyumba.

Mlimi_wa_Soya:
Ndisanabwerere kufunsoko ndiponyeko langa, poti mwati laibulale ndi ya aliyense, mlimi yemwe. Ine ndinapitako kukafuna buku lofotokoza za matenda a soya ndi kasungidwe kake. Mnyamata wa pamenepo anayesetsa ndithu, anatsitsa mabuku angapo, koma onse a Chingerezi chovuta, ena onena za ulimi wa tirigu kumayiko ozizira. Pashelefu lina ndinaona mabuku akuluakulu a malamulo a msonkho a dziko lina, fumbi lokhalokha. Nanga zimenezi anabweretsera ndani? Chimene ndinapindula nacho ndinachipeza ku ofesi ya NICE, bungwe lija lophunzitsa anthu za ufulu ndi udindo wawo, komwe kuli kachipinda ka nyuzi ndi timabuku, ndinapezako Boma Lathu ndi Fuko, m'Chichewa. Ngati laibulale ikufunadi kufikira anthu, bwanji osaitana mlangizi kamodzi pamwezi, ife alimi tibwere ndi masamba odwalawo m'manja tidzafunse? Malo alipo, mipando ilipo.

Wa_Maakaunti:
Ndiye pa ana tionjezereponso alimi ndi masamba awo? Abale ine ndiwerengera kuti?

Mlimi_wa_Soya:
Achimwene, ife sitingabwere Loweruka, timakhala kumsika. Musaope.

WapaShelefu:
Bambo Mlimi_wa_Soya, nkhani ya mabuku osagwirizana ndi kwathu kuno ndi yakale ndipo imatipweteka ifenso. Koma tisiyanitse. Pali mabungwe ngati Book Aid International a ku London amene amatumiza mabuku atsopano operekedwa ndi makampani osindikiza, ndipo amasankha motsatira zimene malaibulale apempha. Mabuku ambiri abwino a ana ndi a zaumoyo amene mumawaona amadzera njira imeneyo. Ndiye pali anthu ena akufuna kwabwino amene amasesa m'nyumba zawo kunjako, kudzaza makatoni n'kutumiza. Amenewo ndiwo amabweretsa malamulo a msonkho mwaonawo. Ukakana amati ndiwe wosayamika, ukalandira shelefu yadzaza ndi zinthu zoti palibe adzatsegule. Ndipo kuchotsa buku pashelefu ya boma si nkhani yamasewera, lili m'kaundula, pamafunika makalata.

Za Chichewa vuto ndi lakuti osindikiza athu amadalira mabuku a silabasi, poti ndi amene ali ndi msika wodziwika. Buku la ulimi wa soya m'Chichewa agula angati? N'chifukwa chake National Library Service inayamba kusindikiza yokha timabuku ta ana totchedwa Werengani, mothandizidwa ndi bungwe la CODE la ku Canada. Kwa ana chilipo ndithu ngakhale n'chochepa. Kwa akuluakulu ofuna zaulimi, zamalonda ang'onoang'ono kapena zamalamulo a malo m'chilankhulo chawo, dzenje ndi lalikulu.

Maganizo anu oitana mlangizi ndi abwino, ndipo safuna ndalama zambiri. Chimene chimavuta n'chakuti anthu tinazolowera kuti msonkhano uliwonse pakhale alawansi ndi fanta. Ukaitana anthu popanda zimenezo, tsiku loyamba amabwera, lachiwiri umakhala wekha ndi mlangizi.

Mlimi_wa_Soya:
Soya akamafota m'munda munthu safunsa fanta, madala. Muitane nthawi ya mvula muone.

Maso_ndi_Zala:
Ine ndine wosaona, uthenga wanu ikundiwerengera ndi foni. Mukukangana za phokoso, ine ndikusirira kuti muli ndi chokanganirana. Ndinaphunzira braille ndili mwana, koma nditamaliza sukulu mabuku anathera pomwepo. M'laibulale wamba ukalowa ndi ndodo yoyera anthu amadabwa kuti wasochera. Mabuku a braille ndi okwera mtengo komanso aakulu, buku limodzi la inu limasanduka mavoliyumu angapo, ndiye sindikunena kuti nthambi iliyonse ikhale nawo. Koma kompyuta imodzi yokhala ndi pologalamu yowerenga mokweza ndi mahedifoni, zimenezo n'zotheka. Pologalamu ina yotchedwa NVDA ndi yaulere. Ndipo nthano zojambulidwa mwatchulazo, kwa ine ndiye buku lenileni. Tsiku la nthano ndi tsiku lokhalo limene mwana wosaona angakhale pamphasa limodzi ndi anzake n'kulandira zofanana.

NaBanda_wa_kuMsika:
Zikomo achimwene, ine zimenezi sindinaziganizepo.

Wa_Maakaunti:
@Maso_ndi_Zala ndamva, ndipo pamenepo sinditsutsa. Komabe funso langa lilipobe. Kodi kuti wina apeze, mpaka wina ataye?

Achemwali_kuLeeds:
Ndikuuzeniko za kuno ku England, osati kuti n'kwabwino kuposa kwathu, koma poti mkangano womwewu unachitika kale. Kuno lamulo la 1964 limakakamiza makhonsolo kukhala ndi malaibulale, ndipo kubwereka buku ndi ulere. Mukalowa m'mawa mupeza azimayi ndi makanda akuimba nyimbo pakapeti, pambali wina akuthandizidwa kulemba fomu ya ntchito pa kompyuta, kwinaku okalamba akuluka. Nthawi ya holide yaitali ana amapikisana kuwerenga mabuku n'kulandira mendulo. M'nyengo yozizira ya 2022, magetsi ndi gasi zitakwera mtengo, malaibulale ambiri anasanduka malo oti anthu azikaothako kutentha. Ofuna bata ali ndi chipinda chawo kapena nsanjika yawo, chitseko chotseka.

Koma musaganize kuti ndi paradaiso. Kuyambira 2010 makhonsolo akhala akudula ndalama, nthambi zambiri zinatsekedwa, zina zikuyendetsedwa ndi anthu ongodzipereka. Ndipo zimene anthu a m'dera anaziteteza mwamphamvu ndi zomwe zinali ndi magulu a ana ndi okalamba, chifukwa zikafuna kutsekedwa pamapezeka anthu okwiya. Holo ya anthu owerenga manotsi okhaokha ilibe woilirira, aliyense akakhoza mayeso amapita.

Tsinde_la_Mbatata:
Basi ayamba a kunja. Kumeneko khonsolo ili ndi ndalama, kuno ikulephera kuchotsa zinyalala pamsika.

Achemwali_kuLeeds:
Chitseko chimodzi ndi mapulanga ochepa sizifuna ndalama za ku Ulaya, achimwene.

Joni_Boy:
Kuno ku Johannesburg laibulale yaikulu ya mumzinda inakhala yotseka zaka zingapo akuti akukonza, mpaka anthu anachita zionetsero kuti itsegulidwe. Ndiye si Malawi yekha. Komanso kumbukirani laibulale ya Mzuzu University itapsa mu December 2015, m'mene anthu anadandaulira. Tsinde, ngati zonse zili pafoni, ankalira chiyani ophunzira aja?

Tsinde_la_Mbatata:
Ya payunivesite ndi ina. Ine ndikunena izi za m'tauni zokhala ndi mabuku a nthawi ya Kamuzu.

WapaShelefu:
@Tsinde_la_Mbatata mabuku akalewo alipo chifukwa ndalama yogulira atsopano imachepa, yambiri imathera ku malipiro, magetsi ndi madzi. Ndipo ikachepa n'chifukwa choti opanga bajeti amaganiza ngati inu. Kenako mumabwera kudzaloza mabuku akale ngati umboni woti musapereke ndalama. Tizungulira pomwepa mpaka liti?

Za foni, inde zambiri zilimo. Koma ndakhalapo ndi anthu ofuna kulembetsa sukulu kapena kufunsira ntchito pa intaneti, foni ali nayo, koma kusintha satifiketi kuti ikhale kafayilo kovomerezeka sakudziwa, imelo anawatsegulira wina ndipo pasiwedi anaiwala. Pamalo ochitira fotokope amawalipiritsa chilichonse, ngakhale kungodina batani. Laibulale yokhala ndi makompyuta atatu ndi munthu woleza mtima imachita zimene foni singachite.

Chimzy_F4:
Chabwino, ife tavomera kuti ana akhale. Koma bwanji osakachitira panja? Pali mtengo wa mango waukulu kuseri kwa malaibulale ambiri. Nthano kale zinkakambidwa panja, si m'nyumba.

NaBanda_wa_kuMsika:
Chilimwe zitheka. Nanga Januwale? Komanso cholinga n'choti mwana azolowere kulowa m'katimo, aone mashelefu, asankhe yekha buku. Mukamusiya pansi pa mango aziona ngati m'katimo ndi mwa mabwana.

Mphunzitsi_Wopuma:
Nonse muli ndi mbali. Ine ndikanakhala woyang'anira ndikanatere: nthano ndi nyimbo zichitikire pakhonde kapena pansi pa mtengo nyengo ikalola, zikatha ana alowe m'magulu ang'onoang'ono kukasankha mabuku, ndipo pamenepo aphunzitsidwe kuti m'kati muno timayenda mwakachetechete. Mwana amatha kusiyanitsa, kutchalitchi amadziwa nthawi yoimba ndi nthawi ya pemphero. Nthawi ya mvula pakhomo pamatidwe chikalata chonena kuti kuyambira 9 koloko mpaka 11 koloko kuli ana, kuti wofuna bata adziwiretu. Chimapweteka kwambiri ndi kudzidzimutsidwa utayala kale mabuku.

Wa_Maakaunti:
Aphunzitsi, zimenezo ndingagwirizane nazo, koma Loweruka amatseka masana. Mukachotsa maola awiri a ana, ine ndatsala ndi chiyani? Akanati azitseka madzulo bwenzi ndikungobwera ana atapita, nkhani yatha.

Chimzy_F4:
Eyaa, apa ndiye mwakhudza penipeni. Ngakhale pakati pa sabata amatseka nthawi imene ife tikuweruka kumene. Laibulale imatsegula anthu ali kuntchito ndi kusukulu, n'kutseka akamaweruka. Anaipangira ndani?

Kabaza_Boy:
Anaipangira ife osagwira ntchito, koma ifenso sitipitako kkkk

WapaShelefu:
Apa mwafika pa vuto lenileni, ndipo ndi lovuta kuposa la phokoso. Kuonjezera maola kumafuna wogwira ntchito wachiwiri kapena ndalama ya ovataimu, mlonda, magetsi odalirika, komanso kuganizira m'mene mayi wa pakauntala uja akafikire kwawo kutada. Nthambi zambiri zili ndi anthu awiri atatu basi. Woyang'anira nthambi sangangodzuka n'kusintha nthawi payekha.

Chimene ndinaona chikugwira ntchito ndi kalata. Osati kukalipira wa pakauntala, iye alibe mphamvu. Lembani kalata yaulemu kwa woyang'anira, musainirane anthu ambiri, olemba mayeso ndi makolo a ana omwe, mupemphe zinthu ziwiri zomveka: chotchinga pakati pa ngodya ya ana ndi matebulo, ndi kuonjezera maola Loweruka miyezi yoyandikira mayeso yokha. Woyang'anirayo kalata yotere imamuthandiza, amapita nayo kwa akuluakulu ake ngati umboni. Akapita chimanjamanja amamuuza kuti palibe wadandaula.

NaBanda_wa_kuMsika:
Ine ndisaina, ndipo azimayi anzanga a kumsika ndiwauza. Koma mawu oti ana achoke asakhalemo.

Wa_Maakaunti:
Sakhalamo mayi. Ndilemba ine, ndiponya pano muione kaye musanasaine.

Tsinde_la_Mbatata:
Kalatayo idzayankhidwa inu mutakhoza kale mayeso, mwana wa mayi NaBanda ali ku koleji.

Mayi_Nasi_265:
Tsinde, inu chilichonse n'chosatheka. Mapulanga a chotchingacho titha kusonkherana ife tomwe, kalipentala pagulu pano sangasowe.

WapaShelefu:
Musanagule msomali pemphani chilolezo cholembedwa. Nyumba ya eni ake simukhoma chinthu mwa inu nokha, mungamuike m'mavuto woyang'anirayo.

NaBanda_wa_kuMsika:
Poti tili pomwepa ndifunseko china. Apongozi anga akufuna kuphunzira kuwerenga, akuti atopa kupempha adzukulu kuti awawerengere mauthenga a ndalama pafoni, ena amawabera. Sukulu ya kwacha kwathu kuno inafa kalekale. Kodi laibulale singathandize akuluakulu otere?

Mphunzitsi_Wopuma:
Ingathandize, bola papezeke wophunzitsa. Akuluakulu savuta, koma amachita manyazi kuphunzira ana akuwaona, ndiye nthawi yake isakhale ya ana. Ndipo osawayambitsa ndi mabuku a Sitandade 1 a agalu ndi amphaka, amanyansidwa. Muyambe ndi dzina lawo, manambala a pafoni, uthenga wa ndalamawo, vesi imene amaidziwa pamtima. Ine choko ndikadali nacho. Ngati tili dera limodzi mayi, ndilembereni kumbali, Lachitatu masana ndimakhala ndilibe chochita.

WapaShelefu:
Lachitatu cha m'ma 2 koloko ndi nthawi yabwino, holo imakhala yopanda anthu. Zimenezonso zilowe m'kalata muja ngati pempho lachitatu, ndipo mutchule kuti mphunzitsi wapezeka kale wosafuna malipiro, apo ayi adzangoti bajeti palibe.

Chimzy_F4:
Lachitatu masana ife timakhala tikadali m'kalasi, ndiye agogowo aziwerenga mokweza m'mene angathere. Koma ikafika holide tidzakambirananso.